TJOVITJO: Sewero la Ana Obvina m'Makomboni a ku Joni

KUMUDZI kwathu gule ali ndi nthawi yace. Anthu akakolola, nkhokwe zikadzaza, kapena pakakhala cinamwali, ukwati ndi maliro a munthu wamkuru, ng'oma imalira ndipo palibe amene amafunsa cifukwa cace. Koma mnyamata amene angayambe kubvina m'mamawa, anzace atasenza makasu kupita kumunda, mudzi wonse umamuyesa waulesi kapena wozungulira mutu. Makolo amanena kuti gule sadzaza nkhokwe, ndipo pa mau amenewa sitingawatsutse kwenikweni. Tsono tiyeni tifunse za mwana amene anabadwira kumene kulibe munda, kulibe khasu, kulibe nkhokwe, amenenso anafunafuna nchito ya malipiro mpaka nsapato zinang'ambika. Kodi iyeyo akabvina pa mseu Lolemba m'mawa, tidzamuchula dzina lomwelo?

Pa funso limeneli ndi pamene pagona sewero lina la pa wailesi ya kanema ya ku South Africa lochedwa Tjovitjo. Dzinali limamveka ngati "Chovicho", ndipo ndi mfuu ya moni imene anyamata a m'makomboni a kumeneko amaitanirana nayo, kawirikawiri pamodzi ndi mluzu. Seweroli linayamba kuonetsedwa mu August caka ca 2017 pa SABC1, imene ndi wailesi ya kanema ya boma la dzikolo, ndipo linali kubwera Lamulungu liri lonse madzulo. Amene analiganiza ndi kulitsogolera ndi a Vincent Moloi a kampani ya Puo Pha Productions, munthu amene anayamba kudziwika ndi makanema a nkhani zoona. Imodzi mwa makanema ao, Skulls of My People, imasimba za Aherero ndi Anama a ku Namibia amene anapululidwa ndi Ajeremani. Conco si munthu wozolowera nkhani zopepuka.

Nkhani ya Tjovitjo ndi ya gulu la acinyamata obvina gule wochedwa pantsula, amene akhala pa komboni ya zisakasa m'mbali mwa mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu anali kuucha Joni. Mtsogoleri wao ndi Mafred, ndipo amene anasewera mbali imeneyi ndi a Warren Masemola. Pa malopo pali malata a dzimbiri, zipupa zakugwa, fumbi ndi utsi wa mbaula. Pali njala, ngongole, mowa, ndeu ndi cikondi cosowa pokhala. Ndipo pakati pa zonsezi pali mapazi a anyamata othamanga ngati a nkhanga.

Kumene gule ameneyu anacokera

Kuti timve bwino za seweroli, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti pantsula sanagwe kumwamba ngati mvula.

Golide anapezeka pa malo pamene pali Johannesburg m'caka ca 1886, ndipo kuyambira pamenepo migodi inayamba kumeza amuna a m'maiko onse a kuno kumwera. Akuluakulu a m'midzi mwathu akumbukira dzina la Wenela, bungwe limene linali kulemba anthu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno kwathu kuti akakumbe pansi pa nthaka ya eni. Ena anabwerera ndi njinga, sutikesi ndi cifuwa cosatha. Ena sanabwerere konse, nasanduka machona. Boma la Zambia linaletsa Wenela patapita zaka zowerengeka titalandira ufulu mu 1964. M'makomboni a migodiyo munabadwa gule wa majombo, amene obvina amamenya nsapato zao za mphira ndi manja, ndipo mpaka lero gule ameneyu ndi mbale wace wa pantsula.

Anthu akuda a ku South Africa eni ace anakankhidwira m'tauni ndi lamulo. Mu 1913 boma la azungu linaika lamulo la nthaka limene linasiyira anthu akuda gawo laling'ono kwambiri la dziko lao, cifupifupi magawo 7 pa 100 ali onse, ndipo mu 1936 anangoonjezera kufika pa magawo 13. Munthu wolandidwa munda alibe kwina kopita koma kukagulitsa mphamvu zace. Komabe m'tauni momwemo sanali kufunidwa ngati mwini nyumba; anali kufunidwa usana kuti agwire nchito, ndipo usiku abwerere kutali. Anali kuyenda ndi pasi m'thumba, monga momwe ife tinali kuyendera ndi citupa m'masiku a atsamunda.

Panali malo owerengeka kumene munthu wakuda anali kuloledwa kugula puloti, ndipo awiri ochuka anali Alexandra ndi Sophiatown. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1950, kunali oimba, olemba nkhani, aphunzitsi, azimai ophika mowa ndi magulu a zigawenga, onse pamodzi m'tinjira topanikizana. Anyamata anali kuonerera makanema a ku America, natengera zobvala za anthu a mmenemo: zipewa, nsapato zowala ndi mabuluku osita bwino. Munthu wogona m'cipinda cimodzi ndi abale ace asanu ndi atatu anali kutuluka m'mawa atabvala ngati mwini sitolo. Pa 9 February 1955 apolisi cifupifupi 2,000 analowa mu Sophiatown ndi mfuti ndi malori, nayamba kusamutsira anthu ku Meadowlands, ku Soweto. M'zaka zotsatira anthu cifupifupi 60,000 anacotsedwa, nyumba zao zinagwetsedwa, ndipo pa mabwinjapo anamangapo mudzi wa azungu umene anaucha Triomf, ndiye kuti cigonjetso. Dzina la Sophiatown linabwezedwa mu 2006, eni ace ambiri atapita kale kumanda.

Anthu osamutsidwawo anasiya njerwa, koma kabvalidwe, kayendedwe ndi cinenero ca m'tinjira anapita nazo. M'makomboni atsopano a Soweto ndi a kum'mawa kwa Johannesburg, monga Katlehong, zinthu zimenezi zinakula pang'onopang'ono, ndipo pofika zaka za m'ma 1970 ndi 1980 panali gule wodziwika ndi dzina lace. Ambiri amamasulira liu lakuti pantsula kuti ndi kuyenda ngati bakha, mbuyo itatuluka. Mwamuna ndiye pantsula, ambiri ndi mapantsula, ndipo mkazi wa khalidwe lomwelo anali kuchedwa mshoza. Yunifomu yao inakhazikika: nsapato za nsalu za Converse All Star, buluku la Dickies, malaya osita ndi kacisoti kofewa kochedwa spoti. Cinenero cao ndi cosakaniza Cizulu, Cisutu, Cibunu ndi Cingerezi, monga momwe Cinyanja ca mu Lusaka cimatolera mau kwa Abemba ndi kwa Angerezi mpaka agogo a ku Katete osamva cimene mdzukulu akunena.

Gule mwini wace ali m'mapazi. Maondo amakhala opinda, thupi lotsika, ndipo mapazi amaponda, kutsetsereka ndi kupingasa mofulumira kotero kuti diso la munthu wosazolowera limatsalira. Obvina amakhala asanu kapena khumi pa mzere, onse kucita cinthu cimodzi pa kamphindi kamodzi, kenaka mmodzi amatuluka kukaonetsa zace, anzace akumuimbira mluzu. Cimene cimakondweretsa kwambiri ndi cakuti mapaziwo amasimba nkhani. Mudzaona munthu akuthamangira sitima ya m'mawa, wina akuponya njuga pakona, wina akuceuka ngati wamva galimoto la apolisi, wina akunyamula bokosi la mabotolo kapena tsace nkubvina nalo. Inu amene munaonapo vimbuza kapena zirombo za gule wamkuru zikutsanzira mzungu wa msonkho, mukudziwa kale kuti thupi limatha kunena zimene pakamwa pangaope. Nyimbo zinali kusintha ndi nthawi, kucokera ku jazi ya ku America kufikira ku kwaito ya m'zaka za m'ma 1990, koma mapazi anasunga mwambo wao.

Tisaganize kuti zotere nzacilendo kuno kwathu. M'zaka zomwezo za m'ma 1950, ku Luanshya ku Migodi, anyamata a Cibisa anali kusonkhana Lamulungu masana kubvina kalela. Anali anthu a nchito zotsika, koma pa bwalo anali kufika ndi mabuluku osita, malaya oyera ndi nsapato zopukuta, ng'oma zao zitapangidwa ndi migolo ya mafuta. Katswiri wina, a Clyde Mitchell, analemba kabuku ka gule ameneyu mu 1956. Ndiponso pamene anthu a Zambia anaukira atsamunda mu 1961, natentha zitupa ndi kutseka miseu, nkhondoyo inachedwa ndi dzina la gule, Cha Cha Cha. Munthu wa m'tauni wopanda munda ndi wopanda mau m'boma amatsala ndi thupi lace ndi malaya ace, ndipo pamenepo ndi pamene amaikapo ulemu wace.

Dzina loipa

Tinene zoona, mapantsula sanali ndi mbiri yabwino. Zobvala zao zinali zodula, malipiro a anthu akuda anali ocepa, ndipo anthu anali kufunsa kumene ndalama zinali kucokera. Ena mwa iwo analidi opisa m'matumba ndi onyamula mipeni. Kwa makolo opemphera a ku Soweto, kumva kuti mwana wao wamkazi akuyenda ndi pantsula kunali ngati maliro. Kanema wochuka wa mu 1988, Mapantsula, amene anapangidwa ndi a Oliver Schmitz ndi a Thomas Mogotlane, anatenga munthu wotere kukhala mwini nkhani. Panic ndi mbala yaing'ono yosasamala za ndale, koma atatsekeredwa pamodzi ndi omenyera ufulu, apolisi namuumiriza kuti apereke anzace, iye akana. Opanga kanemayo ananyenga akuluakulu a boma powaonetsa nkhani ina yonga ya zigawenga cabe, ndipo boma litazindikira linamuletsa, ngakhale kuti kunja anaonetsedwa pa cionetsero cacikuru ca ku Cannes, ku France.

Pakati pa kanema ameneyo ndi Tjovitjo pali zaka 29, ndipo m'zaka zimenezo munacitika zazikuru. Lamulo la mapasi linatha mu 1986. A Nelson Mandela anatuluka m'ndende mu February 1990, ndipo mwezi womwewo anafika ku Lusaka, kumene cipani ca ANC cinali ndi likulu lace pa zaka za ukapolo. Anthu a Zambia analipira mtengo wao pa ufulu umenewo, ndipo cifukwa cace tiri nako kuyenera kofunsa kuti unabala zotani. Masankho a anthu onse anacitika mu April 1994. Boma latsopano linamanga nyumba zazing'ono zoposa mamiliyoni awiri, linakoka magetsi ndi madzi kufika kumene kunalibe. Zimenezi nzoona ndipo siziyenera kucepetsedwa. Koma anthu obwera m'tauni anaculuka kuposa nyumba, migodi yambiri ya golide inatsekedwa, ndipo m'caka cimene Tjovitjo inayamba, mwa acinyamata a zaka 15 kufika 24 amene anali kufuna nchito, oposa theka analibe. Alexandra akali pomwepo, ndipo tsidya lina la mseu waukuru pali Sandton, kumene kuli nyumba zazitali za mabanki. Woyenda pansi amaoloka kucokera ku umphawi kufika ku cuma cosaneneka nthawi yosakwana ola limodzi.

Ana a mu Tjovitjo ndi a mbadwo umenewo. Sanayendepo ndi pasi, sanaonepo cikwangwani coletsa munthu wakuda kukhala pa benci. Mdani wa Panic anali ndi yunifomu ndi dzina; mdani wa Mafred saoneka nkhope. Ici ndico cimene cimalemeretsa seweroli. Munthu amene akuponderezedwa ndi wapolisi amadziwa kolozera cala, koma amene wauzidwa kuti ndiwe mfulu, pamene m'mimba mulibe kanthu, kawirikawiri ukali wace umagwera amene ali naye pafupi: mkazi wace, mnzace, mwana wa mnansi, kapena iye mwini.

Kapangidwe ka seweroli

Amene anazolowera masewero onga Generations, m'mene anthu obvala masuti amakangana za makampani m'maofesi ozizira, angathe kudabwa ndi Tjovitjo, mwinanso kutopa nayo poyamba. Nkhani siyenda mothamanga. Nthawi zina anthu amalankhula ngati ali pa bwalo la sewero pamaso pa khamu, mau olemera onga ndakatulo, ndipo pamene mau afika pothera, mapazi amayamba. Gule sanaikidwemo ngati ndiwo zoonjezera kuti oonerera apumuleko. Mkangano umene m'sewero lina ukanatha ndi nkhonya kapena misozi, muno ungathe kutha ndi magulu awiri atayang'anizana, fumbi likukwera. A Moloi anatenga obvina pantsula enieni a m'makomboni nawaika pamodzi ndi akatswiri a masewero, ndipo kusiyana kwace kumaoneka. Mapazi otere munthu saphunzira m'milungu itatu.

A Masemola anali oyenera mbali ya Mafred cifukwa iwonso anayambira ku gule. Anaphunzira pa sukulu ya zobvina ya Moving Into Dance ku Johannesburg asanapite ku Market Theatre Laboratory kukaphunzira za masewero. Ambiri anali kuwadziwa ngati munthu woseketsa m'sewero la Ses'Top La, koma muno anaoneka ena: mutu wopanda tsitsi, mau okhakhala ngati a munthu wagona pa utsi, maso osakhazikika. Mafred ndi mtsogoleri amene anyamata amamuopa ndi kumukonda pa nthawi imodzi. Si munthu woti mungamufunire mwana wanu, komanso simungamutaye, pakuti mukuona kuti katundu amene wasenza ndi wa mudzi wonse. M'midzi mwathu timawadziwa anthu otere, amene pa maliro ndiwo oyamba kugwira khasu la kumanda, ndipo pa mowa ndiwo oyamba ndeu.

Pali cinthu cimodzi cimene munthu angadandaule naco, ndipo ndi cacikuru. Zithunzi za seweroli nzokongola kwambiri. Dzimbiri la malata limawala ngati mkuwa, utsi umakwera bwino pa kuwala kwa dzuwa la madzulo, ndipo nsanza zomwe zimaoneka ngati zosankhidwa ndi mmisiri. Kodi si kuphimba cironda ndi nsalu ya maluwa? Munthu wokhala m'nyumba ya magetsi angathe kuonerera, nanena kuti amphawiwa ali ndi cimwemwe cao, natseka kanema wace, nagona tulo tabwino. Ngozi imeneyi iripo pa sewero liri lonse la umphawi. Komabe ife tiona kuti a Moloi anasankha bwino. Anthu a m'zisakasa ajambulidwa kambirimbiri ndi olemba nkhani, ndipo nthawi zonse amaoneka ngati mitu yowerengedwa pa mzere wa cithandizo, kapena khamu lotentha matayala pa mseu. Kuwajambula mosamala, ndi kuwala kumene ena amasungira mafumu ndi olemera, ndiko kubvomera cimene mapantsula akhala akunena ndi zobvala zao kuyambira ku Sophiatown. Ndiponso seweroli silibisa kununkha kwa malowo. Njala yace ndi njala ndithu, ndipo amene amenyedwa amatuluka magazi.

Akatswiri anzao anabvomereza. Pa mphotho za makanema a ku South Africa zochedwa SAFTA, zimene zinaperekedwa ku Sun City mu March 2018, Tjovitjo inatenga mphotho 7, kuphatikizapo ya sewero lopambana onse a mtundu wace, ya wotsogolera sewero, ndi ya mwamuna wosewera bwino koposa, imene inapita kwa a Masemola.

Mu June 2021, kampani ya Netflix, imene imaonetsa makanema kudzera pa intaneti, inatulutsa sewero lina la nkhani yofanana lochedwa Jiva!, lolembedwa ndi mai Busisiwe Ntintili. Ilo ndi la zigawo 5, ndipo licitikira ku Umlazi, komboni yaikuru ya mzinda wa Durban. Mwini nkhani ndi mtsikana, Ntombi, amene mbali yace anasewera ndi a Noxolo Dlamini. Iye asamalira mai ace olumala ndi mlongo wace, agwira kanchito kosamupititsa patsogolo, ndipo asonkhanitsa atsikana anzace kuti akalowe mpikisano wa gule wa mphotho ya marandi miliyoni imodzi. Ubwino wa Jiva! ndi wakuti inaika akazi patsogolo, pakuti mtsikana wofuna kubvina amalimbana ndi zambiri zimene mnyamata sazidziwa: mphika, odwala a pa nyumba, ndi pakamwa pa anansi. Koma nkhani yokokedwa ndi mphotho iri ndi bodza lace lobisika. Imaphunzitsa woonerera kuyembekezera kuti mmodzi adzapambana natuluka, ndipo maso athu amatsata iyeyo, kuiwala mazana amene adzabwerera ku zisakasa ndi nsapato zakutha. Tjovitjo imakhala ndi otsalawo.

Kodi gule ndi nchito?

Tibwerere tsono ku funso la makolo. Alipo amene pantsula anawadyetsa. Gulu la Via Katlehong, limene linayamba mu 1992 pa nthawi imene komboni yao inali m'nkhondo ya zipani, linasakaniza pantsula ndi gule wa majombo, ndipo labvina m'mabwalo akuruakuru a ku France ndi maiko ena a ku Ulaya. Mu 2011 woimba wochuka wa ku America, Beyoncé, anaona pa intaneti anyamata a ku Mozambique a gulu la Tofo Tofo, amene kabvinidwe kao kanatengera ku pantsula. Obvina ace atalephera kutsanzira mapaziwo, anatumiza anthu kukawafunafuna, nawakweza ndeke kupita ku America kuti akaphunzitse ndi kuoneka m'kanema wa nyimbo yace. Nkhani zotere zimafala msanga m'makomboni, ndipo mnyamata ali yense wobvina pa fumbi amaziyesa zace.

Koma owerengeka amenewa ali ngati munthu mmodzi wa m'mudzi amene anapha njobvu. Ambiri amabvina pa maukwati, pa misonkhano ya ndale ndi pa zitseko za masitolo, kulandira za sopo ndi za basi. Maondo a munthu sakhala a zaka makumi awiri mpaka kale, ndipo gule alibe penshoni. Ngakhale amene afika pa wailesi ya kanema sanafike pa mtendere. M'zaka zomwe Tjovitjo inali kuonetsedwa, SABC inali m'mabvuto akuru a ndalama, inali kucedwa kulipira makampani opanga masewero, ndipo mu 2019 boma linacita kuipatsa marandi mabiliyoni 3.2 kuti isagwe. M'caka comweco mai Vatiswa Ndara, katswiri wa masewero wodziwika m'dziko lonselo, analemba kalata yoonekera kwa nduna ya za luso, a Nathi Mthethwa, kudandaula za malipiro ocepa ndi mapangano opondereza. Dandaulo lalikuru la osewera a kumeneko lakhala lakuti ambiri amalipidwa kamodzi kokha, ndipo sewero likabwerezedwa kapena kugulitsidwa kunja, amene anatuluka thukuta sapatsidwanso kanthu. Mlimi wa fodya kapena thonje wa ku Chipata ndi ku Petauke, amene amagulitsa mbeu yace pa mtengo woikidwa ndi wogula, naimva pambuyo pace kuti yapindulitsa ena kutali, sadzafuna womasulira pa nkhani imeneyi.

Matenda a Covid-19 atafika mu 2020, mabwalo onse anatsekedwa, maukwati analetsedwa, ndipo obvina anali m'gulu la oyamba kusowa cakudya. Boma linapatula ndalama zothandizira anthu a luso, koma kagawidwe kace kanabweretsa mkangano, kotero kuti mu March 2021 oimba, obvina ndi osewera, motsogoleredwa ndi woimba mai Sibongile Mngoma, analowa m'maofesi a National Arts Council ku Johannesburg nakhala momwemo usana ndi usiku kwa milungu yambiri, kufunsa kumene ndalamazo zinapita.

Nyumba ya malamulo ya dzikolo inayesa kukonza za malipiro a osewera. Lamulo lofuna kuti osewera, oimba ndi obvina azilandira gawo lao nchito yao ikaonetsedwanso linabvomerezedwa ndi aphungu mu 2019, koma Pulezidenti Cyril Ramaphosa analibweza mu 2020, ponena kuti mbali zina zingasemphane ndi malamulo akuru a dziko. Aphungu analikonzanso nalibvomereza kaciwiri mu February 2024, ndipo mu October caka comweco a Ramaphosa, m'malo mosaina, analitumiza ku Khoti Lalikuru la Malamulo a Dziko kuti oweruza aliunike. Pa nthawi imeneyo panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri kucokera pa Lamulungu lija pamene anthu a ku South Africa anayamba kuona Mafred ndi anyamata ace akuponda fumbi pa kanema.